Njinga ya Azungu ndi Mbuzi Yopanda Chingwe

Imwe anthu, imwe! Tayambani mwakhala pansi, tulani zimene mwasenzazo, chifukwa nkhani ndabwera nayo lero si yomvera choimirira. Njinga! Ndawina njinga! Ine Tisauke, mwana wa ba Yoramu wa ku Kanakantapa, yemwe uja mumamuona m'mawa akuthamanga sokosi imodzi m'mwamba ina itagwera m'nsapato, lero ndili ndi njinga yangayanga, yobiriwira, ya belu, ya kabasiketi kutsogolo, yochokera ku Ulaya kwenikweni, ndipo mapulasitiki ake sindinachotse n'komwe! Mwati bwanji? Mwandiona ndikuikankha m'malo moikwera? Eya, ndikuikankha, koma zimenezo tifikako. Musandithamangitse, mtima ukadagunda.

Kuti mumvetse chimene njinga ikutanthauza kwa ine, muyenera kudziwa kuti kwathu ndi kusukulu n'kutali moti ukanyamuka utasamba umakafika ukufunikanso kusamba. Ine ndimafika belu litalira kalekale, ba Hedi, mkulu wa sukulu, ataima pakhomo ndi chikwakwa m'manja ngati akundisungira mphatso. Udzu wonse wa kuseri kwa makalasi ndatchetcha ndine. Bwalo la mpira mumaliyamikira lija, ndi manja anga awa. Tsono chaka chino ndi cha mayeso a Giredi 12, ndipo bamayi anali atagamula kale mlandu: "Ngati uku kuchedwa sikusila, uzayenda kunkhala kwa ba anti bako ku Bundabunda. Kuja sukulu ili pafupi." Inu, ku Bundabunda sukulu ilidi pafupi, koma ba anti ali ndi ana ang'onoang'ono ochuluka moti iwo eni amawasokoneza mayina, ndipo onsewo akungodikira munthu wowasambitsa. Ndikanapita kumeneko, buku ndikanaliona patali, wina ali kumsana wina akundikoka siketi. Ndiye inali njinga kapena Bundabunda. Basi.

Zinayamba tsiku limene galimoto yoyera, ya mlongoti wautali ngati nsungwi, inalowa pasukulu pathu. Munatuluka ba Bwezani, bambo wa suti ndi nsapato zosongoka, pamodzi ndi mzungu wamkazi wa chipewa chachikulu amene tonse tinangomutcha Madamu. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo. Ba Bwezani anafotokoza kuti bungwe lawo ndi la kunja, ndipo limapereka thandizo ku mayiko ngati lathu lino, koma silimangopereka ayi. Limafuna boma liyambe lasiya kukumbatira chilichonse, ligulitse makampani ake kwa anthu kuti aziyendetsa okha. Dzina la zimenezo, anatero atatambasula milomo mpaka m'makutu, ndi pulaivetaizeshoni.

"Manje bakulu-bakulu ni ovuta kumva," anatero ba Bwezani, "so taganiza tiyambile pali imwe bana. Ili dimba nili kuona apa ni la ndani?"

"La sukulu!" tinayankha tonse.

"Sukulu ni ndani? Aimilile timuone."

Palibe anaimirira. Ngakhale ba Hedi anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Mwaona ka? Ndiye chifukwa repu yanu ioneka monga ili na malungo."

Kenaka anatchula malamulo. Zonse za m'dimba zigawidwe kwa ife a Giredi 12, chilichonse chikhale ndi mwini wake, pasatsale ngakhale msomali m'manja mwa sukulu. Akadzabweranso mvula isanayambe n'kupeza zinthu zikuyenda, sukulu idzalandira thanki ya madzi ndi sola ya magetsi. Ndipo mwana amene katundu wake adzakule kuposa wa anzake onse adzapatsidwa njinga.

Inu, tamverani. Nditamva mawu akuti njinga, miyendo yanga inaimirira yokha osandifunsa. Paja ndine wapampando wa kalabu ya dibeti, pakamwa panga sipafuna kukankhidwa. Ndinayamba Chingerezi chimene ngakhale ine ndinali ndisanachimvepo. Ndinati dimba ili lafota chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake athirira. Ndinati nthawi yodalira ena yatha. Ndinaloza kumwamba, ndinaloza pansi, ndinamenya pachifuwa mpaka kutsokomola. Madamu anaomba m'manja, chipewa chikugwedezeka, ndipo ine ndinakhala pansi ndikumva ngati nduna ya zachuma yayamba kale kundiopa.

Ndinathamangira kunyumba kukauza adadi. Tsono adadi anga muwadziwe. Ali mnyamata anali kondakita pa kampani ya mabasi ya boma ku Lusaka. Kampaniyo itagulitsidwa, ine ndisanabadwe, antchito anauzidwa kuti apite kwawo akadikire. Adadi anatulukako ndi zinthu ziwiri: tayi ya yunifomu, ndi mpando wa basi wa anthu awiri umene anausenza pamutu. Ndi mmene tinapezekera ku Kanakantapa tikulima chimanga, ndipo mpandowo ulipo pakhonde pathu mpaka lero. Madzulo aliwonse amakhalapo, mbali ya kuwindo, ngakhale windo palibe.

"Adadi! Kusukulu kwabwela pulaivetaizeshoni!"

Adadi anasiya kusenda nzimbe, mpeni uli m'malere.

"Wati chani?"

"Pulaivetaizeshoni, adadi!"

"Doris!" adadi anaitana bamayi. "Bwela umve. Yanipeza futi. Ninaithawa ku Lusaka, yanilondola mpaka kuno kumunda."

"Adadi, imwe simumvesa. Masiku yanu sibanachite bwino. Ise tili na maphunzilo."

"Oho. Mzungu analipo?"

"Analipo."

"Wa chisote chikulu?"

"Ee."

"Ni wamene uja. Sakalamba." Anayambanso kusenda nzimbe yawo. "Chabwino, mwana wanga. Ukapezako mpando ubwelese, uyu wayamba kung'ambika."

Ine ndinangowamvera chisoni. Ndinati mumtima, anthu akale.

Tsiku logawana litafika, ba Hedi analamula kuti kusankha kutsate mmene tinakhozera mayeso. Nambala wani ndani? Musandifunse, mukundiona. Ndinayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati munthu wogula famu, mpaka ndinaima pa bedi lalikulu kuposa onse, la m'mphepete mwa msewu, kuti aliyense wodutsa aziona ntchito za Tisauke. Otsatira anatenganso mabedi, wina la repu, wina la matimati, wina la chainizi. Mabedi atatha, a kumchira anayamba kutola zotsala, ife tikuwaseka. Ackim anatenga mpanda. Ednah anatenga geti. Mervin, maso ali pansi, anatenga mulu wa manyowa. Mtsikana wina anatenga chingwe n'kupita nacho kwawo kukayanikira zovala. Womaliza anali Ricky, wa benchi lakumbuyo, mnyamata amene pa mayeso amalemba dzina lake mosamala kwambiri kenaka n'kuyamba kupuma. Anadzuka akuyasamula, n'kunyamula kheni yothirira, yokhayo imene sukulu inali nayo, yopindika pakamwa.

"Uzagulisa chani, Ricky, dzimbili?" ndinamufunsa, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Mulungu andikhululukire pakamwa.

Panatsala chinthu chimodzi: mbuzi ya sukulu. Tinkaitcha Mayeso chifukwa inadyapo mapepala a mayeso a Giredi 9. Inali yowonda moti nthiti zake ana a sayansi ankaphunzirirapo, maso achikasu, khalidwe loipa. Palibe ankaifuna. Koma lamulo linali lakuti pasatsale kanthu.

"Tisauke, iwe ndiwe unakamba sipichi," anatero ba Hedi. "Tenga, ni bonasi."

"Nizakwanisa, ba Hedi," ndinatero mutu uli m'mwamba. Ba Bwezani anajambula aliyense ndi katundu wake pa foni, ine nditagwira Mayeso khutu, iyo ikutafuna lamba wa chikwama changa.

M'mawa mwake ndinapita kukathirira. Madzi pamjigo analipo, aulere. Ricky anali atakhala pa njerwa pambali pake, kheni ili pakati pa miyendo.

"Ricky, nipaseko kheni."

"Kheni ya ndani?"

"Ya sukulu, iwe!"

"Sukulu ni ndani?" anatero osaphethira. "Aimilile timuone."

Inu! Mnyamata amene sanakumbukepo tsiku la ufulu wa dziko lathu, mawu a ba Bwezani anawasunga onse osataya ndi limodzi lomwe. Eni mabedi tinapanga mzere. Mtengo unali chitumbuwa chimodzi. Dzuwa litayamba kuwawa unakwera kufika pa ziwiri, kenaka anawonjezapo kumulembera homuweki. Ricky anayamba kubwera kusukulu atavala magalasi akuda.

"Koma iwe Tisa," anandiuza, "chitumbuwa chako sinifuna. Iwe wanzelu maningi. Iwe uzingoniitana ba Dailekita, kheni utenga mahala."

"Ine? Kuitana iwe ba Dailekita? Ningafe!"

"Chabwino. Na repu yako izafa."

Ndinati ayi, nambala wani sangagonje kwa munthu wa kheni. Ndinatenga ndowa ya bamayi, ija yatsopano yofiira imene salola ngakhale kuiyang'anitsitsa, n'kuisenza mtunda wonse uja. Ndinachedwa kuposa masiku onse, ndinatchetcha udzu wanga monga mwa nthawi zonse, ndinatunga madzi, ndikufika pa dimba ndikupeza Ednah wakhala pa geti ndi ambulera.

"Munthu alowa mahala," anatero Ednah, "koma ndowa ilipila."

"Ednah, ndiwe mnzanga wa kwaya!"

"Kwaya ni pa Sande. Lelo ni bizinesi."

Ndinazungulira kuseri. Ndinati ndikwera mpanda, palibe angandione. Ndinakweza mwendo umodzi, ndowa ili pamutu, ndinakweza wachiwiri, siketi n'kukola pa mtengo, kwee! Ndinamva mphepo kumene mphepo siyenera kufika. Ndowa inapita kwake, ine kwanga, ndipo kwangako kunali pa mulu wa Mervin, chagada, madzi onse n'kunditsatira pamwamba kuti manyowawo afewe bwino. Ndisanadzuke n'komwe, Mervin anali ataima pamutu panga ndi kamtengo.

"Usayende nayo," anatero mwaulemu. "Uyo ni katundu wanga."

Ndipo anandipala, anthu inu. Anandipala msana ngati mphika, n'kubwezera pa mulu wake. Ndowa ya bamayi inang'ambika kuyambira kukamwa mpaka pansi. Zimene bamayi ananena madzulo ake sindingazibwereze pano pali ana, koma mawu akuti Bundabunda anamveka kangapo, ndipo agalu a kwa aneba anasiya kuuwa kuti amvetsere.

Nanga mbuzi? Chingwe paja chinapita kukayanika zovala. Ndinayesa luzi, inadya. Ndinayesa sokosi, inadya, n'chifukwa chake masiku ano mumandiona ndi zosiyana mitundu. Ndinati ndipite nayo kunyumba, adadi anaimirira pakhonde n'kunena kuti chinthu chogawidwa ndi azungu sichilowa pakhomo pawo iwo ali moyo. Pamapeto ndinatsegula sutikesi yawo mwakachetechete n'kubwereka tayi ija ya ukondakita, poganiza kuti nsalu za kale n'zolimba. Inalimbadi. Mayeso inatenga m'mawa wonse kuti iimalize.

"Tisa, tayi yanga ili kuti?"

"Ili mu bizinesi, adadi."

"Na basi yanga banakamba chimozimozi."

Koma tsoka lenileni linabwera ndi Ackim. Iye anaona kuti Ricky akunenepa, Ednah akutolera, pamene mpanda wake wangoima osabweretsa kanthu. Tsono amayi okazinga zitumbuwa pamsewu ankasowa nkhuni, popeza malonda awo anali atakwera chifukwa cha Ricky yemweyo. Ackim anawagulitsa mtengo umodzi wa mpandawo. Mawa lake iwiri. Tisanazindikire, mpanda wonse unali utasanduka utsi, n'kutsala geti lokha litaima pakati pa bwalo ngati lasochera, Ednah ali pompo ndi ambulera yake, anthu akumudutsa uku ndi uku.

"Pitani pa geti monga banthu!" ankakuwa. Koma ndani akanamumvera?

Mayeso inayang'ana kumanja, inayang'ana kumanzere, inaona kuti dziko latseguka. Ndipo poti ndi mbuzi yodziwa mwambo, inayambira kwa mwini wake. Bedi langa lija la m'mphepete mwa msewu, timasamba tochepa timene ndinapulumutsa pothirira ndi botolo, inatimaliza anthu a m'minibasi akuonerera pawindo. Kondakita wina anachita kufuula kuti, "Sisi, yakulipila iyo kasitomala?" Itamaliza kwa ine inalowa pa matimati, inatsikira pa chainizi, inabwerera pa repu ya ena kukatsuka m'kamwa. Tikaithamangitsa kuno yatulukira uko. Nthiti zija zinasowa. Inayamba kuyenda mopepesuka ngati mayi wa sitolo yaikulu.

Anzanga anapita kukadandaula kwa ba Hedi. Ba Hedi anapinda manja.

"Sukulu silowelela mu bizinesi za banthu. Kambilanani na mwine wa mbuzi."

Kukambiranako kunali kwa miyendo. Ndinathamangitsidwa ndi eni matimati mpaka kuseri kwa tchalitchi. M'kalasi munthu wondibwereka labala analibe. Ndinayesa kuibweza mbuziyo ku sukulu, ba Hedi anakana. Ndinayesa kuipereka kwa Mervin yaulere, iye anati manyowa ake imamupatsa kale popanda kuisamala, ndiye aitengerenji? Ndipo ngati kuti mavuto anali ochepa, tsiku lina m'mawa tinaipeza kuseri kwa chimbudzi ili ndi tiana tiwiri. Tonse tinkaganiza kuti mimba ija ndi repu chabe! Tsopano pakamwa podyera za eni panali patatu. Ndinapita kunyumba n'kuyamba kuloweza mayina a ana a ba anti.

Kenaka uthenga unafika kuti Madamu akubwera Lachisanu. Ba Hedi anapita kukaona dimba. Anaima pa geti la Ednah, anachita kulipira popeza tsopano munthu nayenso ankalipira, n'kulowa mwaulemu, n'kuyang'ana. Fumbi. Fumbi lokhalokha, ndi mapazi a mbuzi.

"Thanki yanga," anatero ndi mawu aang'ono. "Sola yanga."

Koma ba Hedi si munthu wogonja msanga. Lachinayi anatuma aphunzitsi a zaulimi ku msika wa ku Chongwe, n'kubwerako ndi matumba a kabichi. Lachisanu m'mawa tonse tinagwada m'mabedi, kukumba timaenje, kukhazika kabichi aliyense bwinobwino, kukokera dothi m'mbali kuti aoneke ngati anabadwira pomwepo. Ricky anathirira pamwamba, atalandira kaye malipiro ake kwa ba Hedi. Inu, dimba lija silinakongolepo choncho chiyambire! Mayeso ndi ana ake tinawatsekera m'chipinda chosungiramo zida, chimene chinali chopanda kanthu popeza zida zonse zinali ndi eni ake. Vuto linali limodzi. Loko nayenso anali ndi mwini wake, ndipo anali atapita naye kwawo. Tinatsamiritsa njerwa pachitseko.

Galimoto yoyera inafika. Tinaimba nyimbo yolandira alendo. Madamu anayenda pakati pa mabedi, manja pachifuwa, akungoti wandafu, wandafu. Ba Bwezani okha ndiwo anakwinya nkhope pang'ono.

"Ba Hedi, paja apa panali repu na matimati?"

"Msika unafuna kabichi," anayankha ba Hedi osagwedezeka. Ndinawapatsa ulemu tsiku limenelo.

Ndiye tinamva njerwa ikugwa.

Sindinatembenuke. Ndinangotseka maso n'kuyamba Atate Wathu. Nditawatsegula, Mayeso inali ikubwera pakati pa bwalo, osathamanga, mimba ikugwedezeka uku ndi uku, tiana tiwiri tikudumpha pambuyo. Inadutsa pambali pa geti, Ednah n'kuiyang'ana mwachisoni. Inafika pa bedi langa, pamaso pa Madamu penipeni, inaluma kabichi wamkulu n'kumukweza yense m'mwamba. Wopanda muzu. Pansi pake poyera, podulidwa bwino ndi mpeni wa ku msika. Tiana tija tinaona ngati ndi masewera, tinayamba kugunda enawo ndi mitu, ndipo makabichi anayamba kugubuduka m'mizere kutsikira kumsewu ngati mipira, mmodzi n'kudzaima pa nsapato yosongoka ya ba Bwezani.

Ba Bwezani anatembenukira kwa ba Hedi.

"Ni mtundu wa manje," anayamba ba Hedi, "sufuna mizu maningi..."

Koma Madamu sankayang'ana kabichi. Ankayang'ana mbuzi. Anapempha foni ya ba Bwezani, anafufuza chithunzi cha tsiku logawana lija, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mbuzi, anayang'ananso chithunzi. Kenaka anafunsa kuti mwini wake ndani.

Sindinaonepo kalasi yathu ikugwirizana choncho. Zala zonse zinaloza ine, zina ziwiriziwiri, nkhope zili ndi chimwemwe cha anthu amene mapemphero awo ayankhidwa. Ndinatuluka kutsogolo. Madamu anandifunsa kuti ndinachita bwanji kuti nyama yowonda ija ifike pamenepa. Chingerezi chonse cha dibeti chinandithawa. Ndinangonena zoona, ndikulira pang'ono.

"Madamu, chingwe ilibe. Mpanda kulibe. Yadya vonse va banzanga. Ine sininaipaseko olo kanthu."

Ndinadikira kuti dziko lindimeze. M'malo mwake ndinaona ba Bwezani maso akuwala.

"Mwamva?" anatembenukira kwa Madamu. "Anachosa vomangilila! Malile yanaseguka! Sanaonongepo ndalama olo imozi!"

Madamu anagwedeza mutu mwamphamvu moti chipewa chinatsala pang'ono kugwa. Analankhula nthawi yaitali, ba Bwezani akumasulira. Anati izi ndi zimene akhala akuyesa kufotokozera nduna m'mayiko ambiri osamveka. Anati pa msika waufulu mabizinesi ofooka amapereka malo kwa amphamvu. Apa eni matimati anayang'anana. Anati katundu wa mtsikanayu anali mmodzi, tsopano ndi atatu, ndipo woyambayo wakula kawiri. Ba Hedi, poona kuti mphepo yatembenuka, anaulula okha kuti kabichi anagula ku Chongwe, ndipo Madamu anati zimenezonso ndi nzeru, munthu sayenera kulima chimene angagule motchipa kwina. Thanki ibwera! Sola ibwera! Ba Hedi anakumbatira aphunzitsi a zaulimi, amene akhala akukangana nawo chiyambire chaka.

Ndipo njinga, anatero Madamu, ndi ya Tisauke.

Inu, mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kudzichepetsa? Misozi isanaume n'komwe, miyendo ija inayambanso. Ndinapezeka ndikuuza anthu kuti zonsezi ndinachita kuzikonza kuyambira pachiyambi, kuti bedi langa ndinalipereka dala ngati mbewu ya bizinesi, kuti achinyamata asamaope kuganiza mozama. Mervin anandiyang'ana ndi maso a munthu amene anandipalapo msana. Ndinafupikitsa sipichi.

Anatsitsa katoni m'galimoto n'kutsegula. Mayo ine, kukongola! Yobiriwira, belu lonyezimira, kabasiketi. Matayala okha anali ophwa, popeza inabwera pa ndege, koma pa chitsulo chake panali patamatiridwa pampu yakuda yokongola. Ndinatambasula dzanja. Ba Bwezani anafika poyamba, n'kuimatula, thwa!

"Chilichonse na mwine wake," anatero. "Iyi ni mphoto ya nambala thu."

Anayang'ananso zithunzi za tsiku logawana lija, kufunafuna wina amene wakula. Sanavutike. Masaya a Ricky anali atatuluka ngati mabanzi awiri.

Ndinati zilibe kanthu, pampu ndi pampu. Ndinaikankha njinga yanga mpaka kwa bambo wokonza njinga pamphambano. Anayang'ana, anayesa pampu yake, anayesa ya mnzake, anapukusa mutu. Timilomo ta matayala a ku Ulaya n'topyapyala ngati singano, pampu zathu za kuno sizigwira. Yogwira ndi imodzi yokha m'dera lonse lino, ndipo mukuidziwa kumene ili.

Ndinafika nayo kunyumba ndikukankha, ndikuliza belu kuti anthu asaone matayala. Adadi anali pa mpando wawo. Anaizungulira, anadina tayala lakutsogolo ndi chala, anadina lakumbuyo, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, anaseka mpaka misozi, bamayi kuchita kuwamenya pamsana.

"Imika apa pafupi na mpando," anatero akupukuta m'maso. "Manje banja yathu yakwana. Basi ilibe mawilo, njinga ilibe mphepo. Doris, tiyeni tikwele tiyende ku Lusaka!"

Kenaka anandigwira paphewa, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma iwe wachitako bwino, mwana wanga. Yako ili na belu."

Bamayi sanaseke. "Njinga yamene siyenda siichosa Bundabunda," anatero. "Pa Mande ukachedwa futi, ulonge."

Ndiye lero m'mawa ndinavala nkhope yanga yolimba n'kupita kwa Ricky. Ndinamupeza pakhonde, magalasi akuda, kheni mbali iyi, pampu mbali iyo, ngati mfumu ndi ana ake. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, panalibe munthu. Ndinaganiza za matewera a ku Bundabunda, ndipo ndinalankhula ndi mawu ochepa ngati a udzudzu.

"Ba Dailekita, nipempako pampu."

Anamwetulira. Anadzuka, anapopa yekha tayala lakutsogolo mpaka kulimba gwa, n'kukhalanso pansi.

"Nanga lakumbuyo?"

"Iyo yamene wakamba ni ya wilo imozi. Mitengo yakwela. Ya kumbuyo uzakamba pa siteshoni, pali banthu, mokweza monga sipichi ija."

Ndiye mwaona chifukwa chake ndikuikankha. Gwirani lakutsogolo ili, gwirani muone kulimba kwake! Ndipo mwaonanso chifukwa chake ndakukhazikani pansi nonsenu pano pa siteshoni, inu amayi a tomato, inu akondakita, nanunso ankolo a chipewa. Musachoke, chonde, mukachepa anena kuti sipanali anthu. Uyo akubwera apoyo, wa magalasi akuda, pampu m'khwapa ngati ndodo ya bishopu. Sekani ngati mufuna, Lolemba ndikudutsani pano ngati mphepo, belu lokha ndi limene mudzamve. Tandigwirirani njingayi pang'ono, ndikonze kolala.

Ba Dailekita! Mwachoma bwanji, ba Dailekita!